Nyumba Imagwa M'dzinja, Imamangidwa M'chilimwe

Pa Lifupa, m'kati mwa nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Kasungu, palibe mudzi wa mfumu iliyonse. Pali damu la mvuu, malo ogona alendo ndi nyumba za alonda a nyama, basi. Komabe amene angalowe m'tchiremo ndi mlonda wodziwa njira adzaonetsedwa ng'anjo zadothi zomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo, zojambula za pamiyala, ndiponso mabwinja a midzi yomwe idazingidwa ndi malinga m'masiku a nkhondo za Angoni. Eni midziyo adasamutsidwa mu 1922 boma la atsamunda litaopa matenda a kaodzera. Mu 1930 malowo adaikidwa kukhala osungirako nyama, ndipo mu 1970 adasanduka paki yomwe tikuidziwa leroyi. Ng'anjo zidatsala chiimire, koma nyumba zidabwerera kudothi komwe zidachokera, pakuti sizidamangidwe kuti zikhale muyaya. Chomwe mudzi wakale unkadalira chinali kukhala ndi anthu, mitengo ndi chakudya chokwanira kuti nyumba ikagwa iimikidwenso mvula ina isanayambe. Ndikufuna kuonetsa kuti mwambo wothandiza banja logweredwa nyumba udakhazikika pa zinthu zitatu zimenezi, kuti mbiri ya chigwa cha fodya cha Kasungu idazichotsa chimodzichimodzi, ndiponso kuti thandizo la masiku ano limaphonya chifukwa limafika pa nyengo yomwe nyumba siingamangike, n'kuchoka nyengo yomanga itangoyandikira.

Tiyambe ndi nyumbayo payokha. Abambo ankalowa m'tchire kukadula nsichi ndi phaso, n'kusenda luzi ku mitengo ya miombo, n'kuliviika m'madzi kuti lifewe. Amayi ankamweta udzu kudambo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, moto wolusa usanapite nawo, n'kuuimika m'mitolo kuseri kwa nyumba. Nsichi zikazikidwa ndi kulukidwa, ankakumba dothi pafupi pomwepo, kuliponda ndi madzi, n'kumata khoma kunja ndi m'kati. Pomaliza amayi ankazira pansi ndi dothi lakudambo mpaka kusalala. Denga la nyumba yozungulira kapena la nkhokwe linkalukidwira pansi, kenaka anthu n'kulinyamula pamodzi kukaliika pamwamba. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga udachokera pa ntchito yooneka ndi maso imeneyi. Taonani kuti pa zonse zatchulidwazi palibe chogula. Msomali panalibe, waya panalibe, mmisiri wolipidwa panalibe, chifukwa mwamuna aliyense wotha msinkhu ankayenera kudziwa kumanga, ndipo mkamwini wongolowa kumene pamudzi ankayesedwa ndi nyumba yomwe wamangira mkazi wake. Nyumba sinkawerengedwa ngati chuma chosiyira ana. Umboni wake ngwakuti mwini wake akamwalira, pamiyambo ya Achewa nyumbayo inkagwetsedwa. Chuma chinali munda, nkhokwe ndi mbumba.

Manja omangira nyumba ankapezeka kudzera m'dima. Mwini ntchito ankauza mkazi wake kuti aviike chimera, tsiku linkalengezedwa, ndipo anthu ankabwera m'mamawa ndi nkhwangwa ndi makasu awo, n'kugwira ntchito mpaka dzuwa litapendeka, kenaka n'kukhala pansi kumwa mowa wamasese kapena thobwa. Tikamakumbukira zimenezi timakonda kunena kuti anthu akale anali achifundo. Chifundo chinalipo ndithu, koma dima linali ndi malamulo ake ouma. Aliyense ankadziwa amene wabwera ndi amene wajomba, ndipo wojomba kawirikawiri ankadzaitana dima lake n'kupeza kuti mowa ukusasa mumtsuko wopanda woumwa. Paja amati kupatsa n'kuika. Munthu ankasenza nsichi za mnzake podziwa kuti akusungitsa tsiku lomwe adzalifune. Pamwamba pa ngongole yobwezerana imeneyi panali udindo wa mwinimbumba, yemwe alongo ake ndi ana awo akagona panja manyazi ankagwera iye, komanso wa nyakwawa yemwe ankagawa malo atsopano ngati akalewo aoneka kuti ndi njira ya madzi. Tsono dima silikadatheka popanda chimanga kapena mawere ofululira. Banja lopanda kanthu m'nkhokwe linkadalira abale kuti alisonkhere chimera, ndipo mudzi wonse ukakhala ndi njala dima linkaima.

Apa ndi pamene pali mfundo yomwe ambiri olankhula za ngozi zogwa mwadzidzidzi saiganizira mokwanira. M'chigwa cha Kasungu madzi sabwera ngati a ku Nsanje, komwe Shire ndi Ruo zimamiza midzi yathunthu. Kuno mvula imagwa masiku angapo osakata, madambo amadzaza n'kufika pamakomo, chinyontho chimakwera m'khoma la zidina kuyambira pansi, ndipo usiku wina khomalo limangokhala pansi, denga n'kutsatira. Zimenezi zimachitika pakati pa Januwale ndi Malichi. M'miyezi imeneyo udzu ngwauwisi, sungafolere, njerwa ukaumba siziuma, nkhokwe zapepuka, anthu onse ali m'munda, kupalira, kubandira, kuthyola fodya. Makolo ankazidziwa bwino izi, n'chifukwa chake thandizo lawo linali la magawo awiri. Gawo loyamba linali la tsiku lomwelo: kufukula ufa, mbewu, mphasa ndi miphika m'matope, kuyanika zomwe zingayanikike, kupulumutsa chitseko ndi phaso lomwe silidathyoke, kenaka kugawana anthu. Ana aakazi ankapita kukagona kukuka kwa agogo, anyamata kumphala, akuluakulu n'kumangiridwa kachisakasa kapena kupatsidwa khitchini ya mbale. Gawo lachiwiri linkadikira kukolola. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, udzu ukauma, mowa ukatheka kufululidwa, ndi pamene mudzi unkabweza ngongole yake kwa banja lija. Pakati pa magawo awiriwa pankapita miyezi inayi kapena isanu, ndipo chomwe chinkalumikiza magawowa chinali chakuti othandizawo sankachoka. Ankaona chisakasacho tsiku lililonse popita kuchitsime.

Atsamunda atafika, choyamba chomwe adachita ndi nyumba ya munthu wakuda chinali kuiwerenga. M'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston lidaika msonkho wa nyumba wa masheleni 3 pachaka, ndipo ku Kasungu ulamuliro umenewu udakhazikika mfumu Mwase atagonjetsedwa kumapeto kwa 1895. Msonkho unkafuna ndalama, ndalama zinali kutali, choncho amuna adayamba ulendo wa ku Halale ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera mwa Wenela kapena bungwe lolemba anthu opita ku Rhodesia lomwe linkatchedwa Mthandizi. Miyezi yachilimwe, yomwe inali yomanga nyumba, idasanduka yoyenda. Kum'mwera, m'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, thangata, yemwe kale anali ntchito yothandiza mfumu kapena mnansi, adasandutsidwa lendi yolipira ndi thukuta kwa mwini esiteti. Anali amodzi mwa madandaulo omwe adadzutsa John Chilembwe mu 1915, ndipo sadathe mwalamulo mpaka 1962. J.A.K. Kandawire adalemba buku lathunthu mu 1979 pofuna kusiyanitsa thangata wokakamiza ndi thangata wobwezerana. Chilonda chomwe nyengo imeneyi idasiya n'chakuti ntchito yogwirira pamodzi idayamba kukayikiridwa: munthu akaitanidwa ankayamba wafunsa kuti phindu likupita kwa yani. Koma ulendo womwewo udabweretsanso china. Amene ankabwerako ku migodi ankabwera ndi ndalama zogulira malata, ndipo nyumba yangodya zinayi yofolera malata idayamba kukhala chizindikiro cha munthu amene wayenda.

Kusintha kwakukulu kwa Kasungu kudadza ufulu utabwera. Kamuzu Banda, mwana wa boma lomweli, ankabwereza pamisonkhano kuti anthu ake ayenera kukhala ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo njira yomwe adasankha yopezera chuma inali fodya wa m'maesiteti. M'dziko lonse maesiteti anali osakwana 300 mu 1970, koma pofika 1989 adapitirira 14,000, ndipo ochuluka zedi adatsegulidwa m'chigwa cha Kasungu, Mchinji ndi Dowa pa malo omwe kale anali m'manja mwa mafumu. Lamulo linkaloleza maesiteti okha kulima fodya wa bale ndi wa fuluu. Alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale cha m'ma 1990. Fodya amadya zinthu zomwezo zomwe nyumba imafuna. Wa fuluu amafuna nkhuni zambiri zootchera m'mabalani. Wa bale amafuna zigafa, ndipo chigafa ndi mphanda, phaso ndi udzu, zomwe chiswe ndi mvula zimawononga msanga moti mlimi amazifunanso pakangopita nyengo zochepa. Choncho mudzi udapezeka pakati: kumadzulo paki yomwe munthu wolowamo ndi nkhwangwa amamangidwa, mbali zina maesiteti okhala ndi eni ake, ndipo tchire lotsala likulimbiranidwa ndi zigafa, mauvuni a njerwa ndi makala. Mitengo yowongoka yomwe inkadulidwa kuseri kwa mudzi idayamba kugulidwa, udzu nawo udapeza mtengo wake pamtolo. Nthawi nayo idachepa, pakuti fodya samasula munthu: akatha kuthyola ndi kusoka pali kusankha ndi kudinda mabelo, ndipo ndalama za ku okushoni ya Chinkhoma zisanathe n'komwe nazale ya chaka chotsatira yayamba kale kufuna madzi.

Chaka cha 2001 chidaonetsa poyera zomwe zimachitika nkhokwe ikagwa limodzi ndi nyumba. Mvula ya miyezi yoyambirira ya chakacho idachuluka, minda yambiri idamira, ndipo chimanga chokololedwa m'dziko muno chidatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Chimanga chomwe boma linkasunga chinali chitagulitsidwa. Pofika Febuluwale 2002, pamene Bakili Muluzi adalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka la njala, Kasungu anali m'gulu la maboma omwe adavutika koposa. William Kamkwamba wa kwa Wimbe adafotokoza za masiku amenewo m'buku lake. Anthu adagulitsa mbuzi, njinga, ziwiya, ena mpaka malata apadenga, kuti apeze kambale ka gaga. Amene kale akadaitana dima adayamba kuyenda kufuna ganyu, ndipo ganyu ndi ntchito yomwe imathera pomwepo: walima, walandira, palibe amene watsala ndi ngongole kwa mnzake. Palibe amene angaimbe mlandu munthu wanjala chifukwa chosathandiza mnansi kumanga. Nkhani ndi yakuti madzi akawononga munda ndi nyumba nthawi imodzi, pamudzi ponse, mwambo wobwezerana umasowa poyambira, chifukwa udapangidwira tsoka logwera nyumba ziwiri kapena zitatu pomwe ena onse ali chilili.

Nyumba ya lero ndi chinthu china. Ili ndi njerwa, zootcha kapena zidina, malata, misomali, matabwa, mafelemu a zitseko ndi mawindo, ndipo yolimba imafuna simenti. Anansi angathe kuumba njerwa, kutunga madzi, kututa mchenga kumtsinje, kukumba maziko. Sangaumbe lata, sangafukule simenti kudambo, ndipo kuyala njerwa mowongoka ndi ntchito ya mmisiri yemwe naye ali ndi ana ofuna kudya. Khoma likagwa lero, zomwe anthu amathamangira kupulumutsa m'mawa mwake ndi malata: amawazula mosamala, amawawongola ndi nyundo pa thabwa, amatola misomali yopindika n'kuiika m'chitini, amasankha njerwa zomwe sizidasweke n'kuziunjika pambali. Amatero chifukwa akudziwa kuti chimene chatayika apa chidagulidwa ndi fodya wa zaka zingapo. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya malata ndi simenti idakwera motsatira. Boma la Peter Mutharika lidayesapo ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, zomwe zikusonyeza kuti vutoli lidadziwika, koma idafikira mabanja ochepa ndipo sidakonzedwere ogweredwa nyumba. Choncho banja likhoza kukhala ndi abale okonda, mpingo wachikondi ndi mfumu yabwino, n'kukhalabe m'chisakasa chapulasitiki zaka ziwiri.

Alipo ambiri, makamaka achikulire, amene amati zonsezi n'zifukwa chabe, vuto lenileni ndi mtima: anthu adayamba kudzikonda, ndipo chiyambire matipate mu 1994 aliyense amafuna kulipidwa ngakhale pokonza mlatho wa kumudzi kwawo. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono. Nthawi ya Kamuzu kunali Sabata ya Achinyamata ndi ntchito zachitukuko zomwe kukana kunali kudziputira mavuto, ndipo matipate atabwera anthu ambiri adazitaya pamodzi ndi makadi a chipani, n'kumazitcha thangata. Ntchito zolipidwa za MASAF zidazoloweretsanso anthu kuti khasu likatuluka pagulu pamakhala kenakake. Koma amene akuti mtima wothandizana udafa apite pamaliro. Uthenga ukangomveka, adzukulu amapita kumanda, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, amuna amagona pasiwa, ndipo palibe wofunsa malipiro. Aonenso amayi a Chigwirizano ndi a Umanyano, kapena a m'miphakati ya Akatolika, akuzira nyumba ya nkhalamba ndi kuitungira madzi, ndiponso magulu a banki mkhonde omwe amasunga kathumba kapadera ka mavuto. Maliro akuyendabe mwakale chifukwa zambiri zomwe amafuna zikadali m'manja mwa anthu, ndipo wojomba amadziwa chomwe chidzamuchitikire. Pomwe pakufunika ndalama, monga bokosi, napo anthu amavutika chimodzimodzi. Mtima ulipo. Chomwe chidachoka ndi mphamvu yosandutsa mtimawo kukhala denga.

Ena angatsutse kuchokera mbali ina, kuti nkhani yotereyi ikukometsera zakale, pomwe nyumba zansichi zinali zamdima, zodontha, zodyedwa ndi chiswe, ndipo palibe wofuna kubwererako. Izi n'zoona, ndipo sindikupempha kuti tibwerere. Ndionjezeponso kuti dima linkakomera amene ali ndi chimanga chambiri, kuti ntchito yolemetsa yotunga madzi, kumweta udzu ndi kufulula inkagwera amayi, ndiponso kuti mkazi wamasiye wokhala kuchitengwa, kapena mkamwini yemwe mkazi wake wamwalira, ankatha kuona kuti mudzi sukumuwerengera. Komanso nyumba yatsopano siidathetse vuto la madzi. Nyumba yanjerwa zomangidwa ndi dothi, yopanda maziko okwera, yofolera malata osatulukira kunja mokwanira, imagwa msanga kuposa yansichi, yomwe dothi likakokoloka mitengo yake imatsala itagwira denga. Ndipo khoma lanjerwa likagwera anthu ali m'tulo limapha. Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma pamodzi ndi mabungwe monga Red Cross adakonza malangizo omangira nyumba zolimba. Zambiri mwa izo n'zosafuna chuma chochuluka: kukweza maziko, kuyala pepala lapulasitiki pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere, kumanga mizere yoyambirira ndi simenti, kusiya khonde lotambalala, kumangirira denga ndi waya, kukumba ngalande yopatutsa madzi. Nzeru zimenezi zili m'mabuku, pomwe womanga nyumba zambiri za kumudzi ndi mmisiri yemwe adaphunzira poyang'ana mnzake.

Tsono taonani momwe thandizo la boma ndi mabungwe limayendera. Lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lidakhazikitsidwa mu 1991, napolo atagumula phiri ku Phalombe mu Malichi chaka chomwecho, ndipo lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023. Mu Januwale 2015 maboma 15 adalengezedwa kuti agweredwa tsoka, anthu pafupifupi 230,000 atasowa pokhala. Mu Malichi 2019 kudabwera namondwe wa Idai, mu 2022 anamondwe a Ana ndi Gombe, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, n'kusiya oposa 650,000 opanda pogona. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa, womwe umayambira m'paki ya Kasungu momwemu, udasefukira ku Nkhotakota n'kuthamangitsira anthu zikwizikwi m'misasa. Nthawi zonsezi nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA, asilikali, mipingo, makampani ndi anthu wamba adathamanga ndi ufa, nyemba, mabulangete, ndowa ndi mapepala apulasitiki, ndipo adapulumutsa miyoyo. Koma misasa yambiri imakhala m'masukulu, choncho imatsekedwa msanga kuti ana ayambirenso kuphunzira. Pofika Meyi atolankhani atembenukira kwina, zopereka zauma, ndipo banja labwerera pabwinja lake ndi thumba la ufa ndi pulasitiki. Juni, Julayi ndi Ogasiti akafika, dothi likauma, njerwa zikatheka kuumbidwa, manja akapezeka, palibenso wobwera. Kafukufuku yemwe boma lidachita Freddy atadutsa adapeza kuti kukonzanso zowonongeka kukufuna madola pafupifupi 680 miliyoni, ndipo pa kafukufuku aliyense wotere nyumba za anthu zimakhala m'gulu la zowonongeka kwambiri. Tidatengera gawo loyamba la mwambo wamakolo n'kulikulitsa, gawo lachiwiri tidalisiya kwa banja lomwe latsala manja lende.

Wogwira ntchito zachithandizo angayankhe kuti ndalama n'zochepa ndipo moyo ndiwo uyenera kutsogola. Ali ndi mfundo. Madzi akasefukira zimbudzi zimagwa n'kusakanikirana ndi zitsime, ndipo kolera yemwe adayamba ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atadutsa, adapha anthu oposa 1,700 asanagonje. Mankhwala othira m'madzi, sopo ndi chakudya sizingadikire chilimwe. Koma banja lomwe lafika Novembala lili m'chisakasa, kapena lamanganso ndi zidina pamalo pomwe paja, ndi lomwe lidzalembedwenso m'kaundula Januwale wotsatira. Madzi saiwala khwawa. Ndalama zomwe zapulumutsidwa posamanga zimadzalipidwa kawiri m'mabulangete. Njira ina yomwe yakhala ikutsatidwa ndi yomangira anthu nyumba zathunthu, monga zomwe zidamangidwa Freddy atadutsa pansi pa dzina la Tigwirane Manja. Amene adalandira adathandizikadi, koma nyumba yathunthu ndi yodula, imafikira mabanja owerengeka pakati pa zikwi, ndipo imasiya mudzi utagawikana pakati pa olandira ndi oonerera. Chomwe mbiri ikutiphunzitsa n'chakuti wakunja abweretse zokhazo zomwe mudzi udalandidwa mphamvu yozipeza, ndipo azibweretse pa nthawi yake. Gawo la ndalama zosonkhedwa mu Febuluwale lisungidwe mpaka Julayi, lidzagule matumba ochepa a simenti ya maziko, waya, misomali ndi malata olowa m'malo mwa owonongeka, lilipire mmisiri wa m'deralo yemwe waphunzitsidwa kamangidwe kolimba, ndiponso lipereke chimanga choti banja liphikire anthu odzaumba njerwa. Chimanga chimenecho ndicho chimera cha masiku ano: chimapatsa wogweredwa nyumba ulemu woitana anansi ake m'malo mopemphetsa. Njira zotumizira ndalama zilipo kale, pakuti Mtukula Pakhomo wakhala akufikira mabanja ovutika chiyambire ku Mchinji mu 2006, ndipo makomiti a m'midzi oona za ngozi amadziwa khomo lililonse lomwe lidagwa.

Mwina wina angafunse kuti bwanji osangotsegula paki kuti anthu adule mitengo monga ankachitira makolo awo. Mkwiyo wa anthu okhala m'malire ngomveka, makamaka chibwerere njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, pamene minda, nkhokwe ngakhale miyoyo ya anthu yakhala ikuonongeka mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Koma nkhalango ya masikweya kilomita oposa 2,300 imeneyi ndiyo imagwira madzi a kumtunda kwa Dwangwa. Kuidula n'kutumiza chigumula chachikulu kwa anthu a ku Nkhotakota, ndipo mitengoyo ikadathera m'zigafa ndi m'makala pasanathe zaka zambiri. Chiyambire cha m'ma 1990 anthu oyandikana ndi pakiyi akhala akuloledwa kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo mwadongosolo, ndipo dongosolo lotere liyenera kuika patsogolo mabanja ogweredwa nyumba pa nkhani ya udzu wofolera. Mitengo yomangira iyenera kuchokera kwa omwe amaidya kwambiri. Makampani ogula fodya omwe amapanga mgwirizano ndi alimi amawapatsa kale mbande. Kuwerengera mitengo yomwe yakula, osati mbande zomwe zagawidwa, ndiye kungasinthe zinthu.

Pali gulu limodzi lomwe ngakhale zonsezi zitachitika lingatsalebe panja, ndipo ndi lomwe fodya wa Kasungu adakulira pamsana pake. Matenanti adabwera kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga, Dedza ndi kwina, n'kumanga timakumbi taudzu m'mphepete mwa minda ya eni ake, kawirikawiri kumunsi kufupi ndi dambo komwe mwini munda safuna kulimako fodya. Tenanti alibe mwinimbumba pafupi, alibe nyakwawa yomugawira malo okwera, chakudya chake n'chongongola kwa bwana, ndipo malipiro ake amadikira fodya agulitsidwe. Kakumbi kake kakagwa mu Febuluwale sangaleke kuthyola fodya kuti amange, ndipo polemba maina a ovutika kudzera mwa mafumu iye amatha kudumphidwa chifukwa si wa m'mudzimo. Lamulo la zantchito lidasinthidwa mu 2021 n'kuletsa utenanti, koma anthuwo sadasowe. Ambiri akadali m'minda momwemo ndi dzina lina, ndipo ena adakhazikika m'maesiteti osiyidwa popanda pepala lililonse. Palibe amene angathire simenti m'maziko a nyumba pa malo omwe angathamangitsidwepo chaka chamawa. Dziko lino lidayesapo kuthana ndi vuto lotere: pakati pa 2004 ndi 2011 ndondomeko ya Kudzigulira Malo idathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula minda ya maesiteti ku Machinga, Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Ku Kasungu kuli maesiteti ambiri omwe nthawi ya lendi yawo idatha kapena sakulimidwa mokwanira, ndipo mabanja omwe adagwira ntchito m'menemo kwa mibadwo iwiri ndiwo ayenera kukhala oyamba kupatsidwako malo okwera omangapo.